Nkhunda za mpikisano za ku Sandringham: kodi kuno ku Mzuzu zingatheke?

Wakuchibavi

Akuluakulu, ndithandizeni. Ndamva kuti malemu Mfumukazi Elizabeth II a ku Britain, kupatula mahatchi ndi agalu awo aja, ankawetanso nkhunda zampikisano kunyumba yawo ya ku Sandringham. Kodi ndi zoona, nanga zinayamba bwanji? Chachiwiri, nkhunda zimenezo zimasiyana pati ndi zathu zili mbwee m'makola m'Chibavi muno? Kuseri kwa nyumba kuli malo a mamita 3 mulitali ndi 2 mulifupi. Ndikufuna kudziwa kamangidwe ka khola, chakudya ndi kaphunzitsidwe kake, mpaka nkhunda yoti itatulutsidwa ku Mzimba ibwere yokha. Zovuta zake musandibisire.

Adada a ku Luwinga

Ndi zoona, achimwene. Khola la ku Sandringham linayamba mu 1886, pamene Mfumu Leopold II ya ku Belgium (inde, Leopold yemwe uja anazunza anthu ku Congo) inapatsa banja lachifumu la Britain nkhunda zothamanga. Masewerawa anakulira ku Belgium komweko m'zaka za m'ma 1800, ndipo mpaka lero mbewu zotchuka zimachokera kumeneko. Amene anayamba kuzikonda ndi kalonga amene anadzakhala Edward VII, pamodzi ndi mwana wake amene anadzakhala George V. Kenako kholalo linapita kwa George VI, n'kufika kwa Elizabeth.

Sandringham ili ku Norfolk, kum'mawa kwa England. Si nyumba ya boma ngati Buckingham Palace, ndi yawoyawo ya banja, inagulidwa mu 1862. Ndi kumene ankakonda kudyera Khirisimasi, ndipo George V anamwalirira komweko mu 1936, George VI mu 1952. Ndiye nkhundazi zinali za pakhomo penipeni. Koma tisanamizane kuti mfumukazi ankapala okha zitosi m'mamawa. Panali munthu wolembedwa ntchito yoyang'anira kholalo, ndipo ndi iye ankasankha zokwatitsa, kudyetsa ndi kuzitumiza ku mipikisano. Mphete za kumiyendo kwa nkhunda zawo zinkakhala ndi zilembo ER. Mfumukaziyo anali mtetezi wa bungwe la Royal Pigeon Racing Association, udindo umene Mfumu Charles III sanaupitirize atawunikanso mabungwe mu 2024.

Nkhunda yotchuka ya m'kholamo ndi Royal Blue. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ndege zankhondo zinkanyamula nkhunda kuti zikagwa atumize uthenga. Mu Okutobala 1940 Royal Blue inauluka makilomita pafupifupi 190 kuchokera ku Netherlands pa maola 4 ndi mphindi 10, itanyamula uthenga wa ndege imene inatera mokakamizika. Mu 1945 inalandira mendulo ya Dickin, yomwe amapatsa nyama zogwira ntchito pankhondo, ndipo nkhunda 32 zinalandirapo menduloyi. A ku Britain si oyamba ayi. Mfumu Akbar ya ku India, imene inalamulira kuyambira 1556 mpaka 1605, inali ndi nkhunda zoposa 20,000.

Chimene ndikufuna mugwire n'chakuti ku Britain masewerawa anali a anthu wamba, makamaka a m'migodi ya malasha. Nkhunda za mfumu zinkaikidwa m'madengu pamodzi ndi zawo, ndipo zinkagonja ngati zina zonse. Ndalama za mfumu zinkagula mbewu yabwino ndi munthu wosajomba pakhola. Zotsalazo ndi matabwa, chimanga ndi madzi.

Pa funso lachiwiri: zathu za m'mudzi zimadziwa kwawo ndithu, koma kwa mtunda waufupi, chifukwa palibe amene anazisankha pa liwiro kapena pa kubwerera. Ya mpikisano inasankhidwa mibadwomibadwo. Imalemera magalamu 400 mpaka 500, chifuwa chake n'chodzaza minofu, nthenga zake n'zosalala, ndipo imauluka makilomita 60 mpaka 80 pa ola kwa maola ambiri osatera. Yamakolo mukaitulutsa ku Mzimba musaidikire.

Mitengo ya ngwazi ndi yoopsa: Armando inagulidwa ndi ma euro 1.25 miliyoni mu 2019, New Kim ndi 1.6 miliyoni mu 2020, zonse za ku Belgium. Zimenezo zisakuopseni, inu mukufuna mabanja atatu kapena anayi a mbewu yeniyeni basi. Masewerawa ndi amphamvu ku South Africa, koma kulowetsa mbalame m'dziko muno kumafuna chilolezo cha nthambi ya boma yoona za umoyo wa ziweto. Zozembetsa pa chipata ndi zimene zimabweretsa matenda. Pogula pali njira ziwiri. Mutha kugula maunda a masabata 4 kapena 5 amene sanaulukepo, amenewo amazolowera khola latsopano. Kapena kugula zazikulu, koma zimenezo musadzazitsegulire mpaka kalekale, chifukwa zidzabwerera kwa mwini wake woyamba. Zimakhala zoswanitsa chabe, owuluka ndi ana awo.

Mmisiri wa ku Zolozolo

Adada afotokoza mbiri, ine ndilowe pa khola, chifukwa ku Mzuzu chimene chimapha nkhunda kwambiri ndi chinyezi. Mvula yathu imachedwa kutha, ndipo Juni ndi Julayi kumakhala mawawa ndi nkhungu. Nkhunda kuzizira imapirira bwinobwino, koma pansi ponyowa ndi mphepo yowomba pamene yagona sizigwirizana nayo.

Malo anuwo akwana. Kutalika kupita m'mwamba kusapitirire mamita 2, apo ayi nkhunda zizikuulukani pamutu mukafuna kuzigwira, ndipo zimasanduka zamantha. Mamita 3 ndi 2 ndi 2 akupatsani malo a nkhunda 20, musapitirize. Khola lothithikana limanunkha, ndipo maunda amene asowa pokhala amachoka osabweranso. Ligaweni pawiri ndi chitseko chokoka: mbali ina ya mabanja oswana, ina ya maunda. Maunda akasakanizidwa ndi zazikulu amajomphedwa ndipo sadya mokwanira.

Mabuku a ku Ulaya amati kutsogolo kwa khola kuyang'ane kum'mwera. Zimenezo ndi za kwawo. Ife tili kumunsi kwa equator, ndiye nyengo yozizira dzuwa limadzera kumpoto, pamene mwera umachokera kum'mwera chakum'mawa. Kutsogolo kuyang'ane kumpoto kapena kumpoto chakum'mawa, dzuwa la m'mawa lizilowa, ndipo khoma la kumene kumachokera mwera likhale lotseka lonse.

Likwezeni pa miyendo masentimita 50 mpaka 60 kuchokera pansi. Matabwa a paini a ku Chikangawa ndi abwino komanso opepuka, koma chiswe chimawakonda, ndiye miyendo ikhale ya njerwa kapena ya bulugamu wopaka oyilo wakuda. Oyiloyo apakidwe ku miyendo kokha, osati m'kati. Pa mwendo uliwonse vekani chitini kapena lata loyang'ana pansi kuti khoswe akakwera atsekeredwe. Linthumbu likalowa usiku limatha maunda onse a m'zisa, ndiye dzinja muzithira phulusa kuzungulira miyendo, ndipo pasakhale udzu kapena nthambi yokhudza khola.

Waya wa nkhuku uja wa mabowo akuluakulu musagwiritse ntchito. Khoswe, njoka ndi likongwe zimadutsa. Gulani wa mabowo a mamilimita 12. Denga la malata limatuluka thukuta usiku n'kumadonthera nkhunda, choncho ikani pulayiwudi pansi pake, musiye mpata wa masentimita 10 mpaka 15 pamwamba pa khoma la kumbuyo, wotchingidwa ndi waya. Mpweya uzilowera m'munsi kutsogolo n'kutulukira m'mwamba. Muyeso wake ndi mphuno yanu: mukalowa m'mawa n'kumva fungo loluma m'maso, mpweya sukuyenda.

M'kati, pokhalira pakhale pambiri kuposa nkhunda. Nkhunda 12, pokhalira 15 kapena 16, potalikirana masentimita 30. Khomererani timatabwa tiwiri ngati chilembo V choyang'ana pansi, kuti yapamwamba isaipitsire yapansi. Bokosi la banja lililonse likhale masentimita 60 mulitali, 40 mulifupi, 40 m'mwamba. Utaliwo ndi wa mbale ziwiri zoikiramo mazira, chifukwa yaikazi imaikiranso maunda oyamba ali ndi masabata awiri okha, ndipo ikasowa poikira imaikira pa ana omwewo. Mbale zikhale zadothi, zakuya pang'ono. Pansi pake pakaterera, miyendo ya bunda imatagadzuka ndipo silidzawongokanso. Zomangira chisa, mitsitsi ya masamba a fodya youma ndi yabwino chifukwa imathamangitsa nsabwe.

Chomaliza ndi khomo lolowera. Kunja ikani thabwa loterapo lotuluka masentimita 60. Pa khomopo pachikani tizitsulo topepuka totalikirana masentimita 4 kapena 5, tokankhika kulowa m'kati kokha. Nkhunda imakankha ndi chifuwa n'kulowa, kutuluka ayi. Kunja kwake kukhale chitseko chotseka usiku, chifukwa mphaka nayenso amaphunzira kukankha. Ndipo yang'anani m'mwamba musanakumbe: mawaya a magetsi odutsa pafupi amang'amba zifuwa za nkhunda zouluka pa gulu.

NyaKatoto

Achimwene a ku Chibavi, pa chakudya simufunika za m'sitolo, zonse zili mumsika waukulu. Pa makilogalamu 10 ikani chimanga 4, nandolo kapena nsawawa zouma 2.5, mapira 2, tirigu kapena mpunga wosapuntha 1, mpendadzuwa theka. Zikamalera ana onjezerani nandolo afike 3.5, muchepetse chimanga. Masiku awiri kapena atatu ulendo wautali usanafike onjezerani chimanga ndi mpendadzuwa, ndi timtedza tingapo, chifukwa pa mtunda wautali nkhunda imawotcha mafuta. Chimanga chisankheni cha maso ang'onoang'ono kuti maunda athe kumeza. Nyemba zosaphika ndi soya wosakazinga musapatse.

Nkhunda imodzi imadya magalamu 30 mpaka 35 patsiku, masupuni aakulu awiri odzaza. Nkhunda 20 ndiye makilogalamu 18 mpaka 21 pamwezi. Zolera ana zimadya mpaka kuwirikiza, zimenezo musazimane. Zouluka muzipatsa gawo laling'ono m'mawa, lalikulu madzulo, zitabwera kouluka, ndipo chotsala chizichotsedwa pakatha mphindi 15.

Chimanga ndi mtedza wa chuku ndi poizoni, zimawononga chiwindi. Mbewu yodzala ija yopaka mankhwala ofiira kapena obiriwira isayandikire khola. Thumba lisakhale pa simenti, chinyezi chathuchi chimalowa msanga.

Nkhunda ilibe mano, imagaya ndi timiyala. M'kambale kapadera muziika njerwa yofiira yoswa, mchenga wa kumtsinje wa maso aakulu, makala, zigoba za mazira zokazinga n'kusinja, ndi kamchere pang'ono. Zikasowa zimenezi zimatsikira m'minda kukatola, n'kumeza feteleza. Madzi azisinthidwa tsiku ndi tsiku, m'chiwiya chovindikira choti zilowetse mutu wokha. Kawiri pa sabata ikani beseni la madzi akuya masentimita 8 mpaka 10 zisambe, kunja kwa khola kuti pansi pasanyowe.

Kuswana kwake n'kosavuta kuwerenga. Mazira ndi awiri, lachiwiri limabwera patapita masiku awiri. Amaswa pa masiku 17 kapena 18. Yaimuna imakhalira masana, yaikazi usiku, ndipo zonse ziwiri zimadyetsa ana mkaka wochokera m'chithokomiro. Mphete ivekedwe bunda lili ndi masiku 5 mpaka 7: zala zitatu kutsogolo, chakumbuyo mukokere m'mwamba motsata mwendo. Mukachedwa silowa, mukafulumira imavuka. Lembani m'kabuku nambala yake, makolo ake ndi tsiku loswa, apo ayi pakatha chaka mudzakhala mukukwatitsa pachibale osadziwa. Maunda asiyanitsidwe ndi makolo pa masiku 25 mpaka 28. Masiku oyamba muzimiza mlomo wa lililonse m'madzi, chifukwa bunda limatha kufa ndi ludzu madzi ali pambali pake. Lophethiraphethira maso ndiye kuti silinamwe.

Matenda, woyamba ndi canker. Tsegulani mlomo: mukaona zinthu zachikasu zomatira kukhosi, ndi ameneyo. Amafala kudzera m'madzi akumwa komanso makolo akamadyetsa ana. Musazipale, zimatuluka magazi. Mankhwala ake ndi a gulu la metronidazole kapena ronidazole, muyezo akuuzeni a vetenale, ndipo muchize khola lonse. Wachiwiri ndi paramyxovirus, m'bale wake wa chitopa: zitosi zamadzimadzi, khosi lopindika, nkhunda kujompha n'kumaphonya njere. Alibe mankhwala, pali katemera yekha wobaya pansi pa khungu la kukhosi, kamodzi pachaka. Katemera wa nkhuku wodonthezera m'maso uja sateteza nkhunda mokwanira, ngakhale ambiri amamudalira. Dzinja kumabwera nthomba, timatuza ta pamlomo ndi m'zikope, ndipo amafalitsa ndi udzudzu. Njoka za m'mimba ndi coccidiosis (matenda a m'matumbo) zimakula pa zitosi zonyowa, n'chifukwa chake pansi pazipalidwa tsiku lililonse. Popala muzivala chotchinga pamphuno, fumbi la nkhunda limawononga mapapo a anthu ena. Nkhunda yatsopano ikhale payokha masabata atatu, ndipo yosokera ikabwerera patapita masiku ikhalenso payokha, simudziwa kumene yamwa.

Wakuchibavi

Zikomo amama, zikomo adada nonse. Latsala la kaphunzitsidwe. Ndiyambe liti, ndipo njira yabwino ndi ya ku Mzimba kapena ya ku Ekwendeni?

Adada a ku Luwinga

Phunziro loyamba si kuuluka, ndi kulowa. Maunda akangosiya makolo, nthawi iliyonse yodya muzigwedeza chimanga m'chitini kapena kuimba mluzu umodzimodzi. Kwa sabata muziwaika pa thabwa loterapo muli kakhola ka waya, aziona denga ndi mitengo yozungulira, kenako gwedezani chitini alowe okha kudzera pa tizitsulo tija. Atsegulireni koyamba ali ndi masabata 5 kapena 6, madzulo, asanadye, kunja kuli bata. Musawathamangitse. Ena amachedwa dala kuti mapiko akhwime, kumeneko n'kulakwitsa: bunda la mapiko amphamvu likadzidzimuka limapita kutali lisanadziwe kwawo.

Pakatha masabata angapo adzayamba kuuluka pa gulu, kenako kusowa m'maso kwa ola lathunthu. Akachita zimenezo kwa masabata awiri, nthawi zambiri ali ndi miyezi itatu, ndiye akonzeka. Ayambe agona m'dengu usiku umodzi kapena uwiri pakhomo pomwepo, aphunzire kumwera m'menemo. Kenako makilomita 2, 5, 10, mtunda uliwonse kawiri kapena katatu, mbali zonse za tauni. Musawonjezere mtunda mpaka iwo atayamba kufika kunyumba inu musanafike. Pamalo otulutsira dikirani mphindi 10 dengu lili pansi, kutali ndi mawaya, aone dzuwa.

Ine ndingasankhe njira ya kumpoto. Ekwendeni ili pafupi makilomita 20, ndipo kupitirira kumeneko cha ku Rumphi dziko ndi lotseguka, nkhungu si yambiri ngati ku Viphya.

Mmisiri wa ku Zolozolo

Adada, pa zonse tagwirizana kupatula njira. Zochokera ku Rumphi zimauluka kulowera kum'mwera, ndiye miyezi ya mwera mphepo imaziwomba pamaso ulendo wonse. Maunda amatopa n'kutera panjira. Zochokera ku Mzimba, Jenda ndi Kasungu mwera umaziwomba m'mbali kapena chakumbuyo. Komanso kum'mwera mitunda ikukwera bwino. Poyeza molunjika, osati pamsewu, Mzimba ili ngati makilomita 65, Jenda 110, Kasungu 180, Lilongwe 280. Muyambira ku Lusangazi n'kumatsika ndi M1. Vuto la Chikangawa ndi nkhungu, zoona, koma mankhwala ake ndi kudikira: dzuwa likapanda kuoneka musatsegule dengu, ngakhale ikwane 10 koloko. Likakana tsiku lonse bwererani nazo. Chaka choyamba maunda alekezere pa Jenda, za Kasungu ndi Lilongwe zidikire chaka chachiwiri.

Musanatumize nkhunda kutali, tambasulani phiko. Nthenga zazikulu zilipo 10, ndipo zimathothoka imodziimodzi kuyambira m'kati. Ikafika pa ziwiri zakumapeto zikumera, nkhunda imamva ululu pouluka, ipumule.

Kabawi ndi mphamba simungazithetse. Chimene mungachite ndi kusatulutsa nkhunda nthawi imodzimodzi tsiku lililonse zikayamba kudikirira, komanso kusazilola kukhala pa denga. Yogwidwa kawirikawiri ndi yongokhala kapena yotsalira pa gulu. Nkhunda yokhala pa denga m'malo molowa ndiye kuti mwaikhutitsa, chepetsani chakudya cha m'mawa.

Zazikulu zimathamangira banja. Yaikazi yokhalira mazira a masiku 10 mpaka 14 kapena yolera kamwana imabwera mwamphamvu. A ku Belgium anayambitsanso njira yolekanitsa yaimuna ndi yaikazi sabata yonse, kuionetsa mkazi wake mphindi zochepa isanalowe m'dengu, ndipo ikabwera imampeza m'bokosi. Njirayi imafuna chipinda chachitatu chimene amuna saona akazi, ndiye pa malo anu a mamita 3 yambani ndi yoyamba ija.

Mukapeza anzanu awiri kapena atatu, mpikisano muuwerenge motere. Wopambana si amene nkhunda yake yafika koyamba, chifukwa makola satalikirana mofanana. Tengani malo a khola lililonse ndi malo otulutsira pa GPS ya foni, mupeze mtunda wolunjika m'mamita, mugawe ndi mphindi zimene nkhunda yauluka. Tinene kuti khola lina lili pa mamita 67,000, nkhunda yalowa patatha mphindi 62: liwiro ndi mamita 1,081 pa mphindi. Lina lili pa 65,000, yalowa pa mphindi 61: liwiro ndi 1,066. Yopambana ndi yoyamba ija, ngakhale inachedwa ndi mphindi imodzi. Kunja amagwiritsa ntchito mphete za chip zimene zimalemba nthawi zokha nkhunda ikaponda pa khomo. Popanda zimenezo, wotulutsa aveke nkhunda iliyonse kamphira kolembedwa nambala yachinsinsi, ndipo ikalowa mwini wake avule kamphirako n'kutumiza nambalayo pa WhatsApp ya gulu. Nthawi ya uthengawo ndiyo muziwerengera.